Mlendo Wolowa Osaodira

Mwambo wathu umati munthu akafika pakhomo pa eni ake ayenera kuima kaye pabwalo, aodire, nadikire kufikira atayankhidwa. Koma masiku ano kudabwera mlendo wina amene sadziwa mwambo umenewu. Iye amalowa nthawi imene banja lili pa chakudya chamadzulo, nakhala pamalo aulemu, nayamba kulankhula ndi ana makolo ali chete. Mlendo ameneyu ndi munthu uja amaoneka pa wailesi yakanema akutsatsa malonda. Sakhalitsa ayi, pakuti mphindi imodzi isanathe amakhala atapita. Koma mawa abweranso, mkuja abweranso, mpaka nkhope yake imazolowereka kuposa ya amalume athu. Kuno ku Malawi mlendoyu ngwatsopano ndithu, poti wailesi yakanema ya dziko lathu idayamba m'chaka cha 1999. Anzathu a ku Asia akhala naye zaka zoposa 70, ndipo nthawi zambiri wakhala akuwafikira atavala nkhope ya Mzungu. Zimene iwo aganiza, akangana ndi kudandaula pa nkhope imeneyi zandigwira mtima, ndipo ndifuna tiziganizire limodzi, awerengi okondedwa, pakuti akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tiyambe ndi dziko la Japan. Nkhondo yaikulu yachiwiri itatha mu 1945, mizinda yambiri ya dzikoli idali phulusa lokhalokha, ndipo asilikali a ku America adalilamulira kufikira 1952. Ana a masiku amenewo adakula akuona Mzungu wamtali, wokhuta, woyenda pa galimoto, pamene makolo awo ankasowa ndi mpunga womwe. Pa 28 Ogasiti 1953 nyumba ya Nippon Television idayamba ntchito yake, ndipo malonda oyamba kutsatsidwa pa kanema m'dzikomo adali mawotchi a kampani ya Seikosha. Chuma chitayamba kukwera, anthu adafuna kugula zinthu zimene zikadawaonetsa kuti umphawi wa nkhondo adausiya m'mbuyo. Amalonda adazindikira msanga kuti nkhope ya wopambana nkhondo uja ingathe kugulitsa katundu.

Chitsanzo chimene anthu a ku Japan amachikumbukira mpaka lero chidachitika mu 1970. Kampani ina yotchedwa Tancho idalemba ntchito Charles Bronson, katswiri wa mafilimu wa ku America, kuti atsatse mafuta onunkhira a amuna otchedwa Mandom. Bronson adaoneka akudzithira mafutawo mosaumira, akusisita chibwano chake, ndipo anyamata a m'dziko lonse adayamba kumtsanzira. Malonda adayenda kotero kuti chaka chotsatira kampaniyo idataya dzina lake lakale nkudzitcha Mandom. Kuchokera apo chitseko chidatseguka. Alain Delon wa ku France adatsatsa masuti, Arnold Schwarzenegger adatsatsa zakudya zophikiratu za Nissin, ndipo ena ambiri amene kwawo sakadalola kuoneka akugulitsa kanthu ankakwera ndege kupita ku Tokyo, kukalandira ndalama zochuluka pa ntchito ya masiku owerengeka. Mchitidwewu udadziwika kwambiri mwakuti mu 2003 Sofia Coppola adaupangira filimu yotchedwa Lost in Translation, yonena za katswiri wotopa amene wapita ku Tokyo kukatsatsa mowa wa Suntory.

Tsono funso nali: kodi mwamuna kapena mayi wa ku Japan, atakhala pa mphasa yake madzulo, ankaona chiyani pa nkhope zimenezi? Yankho loyamba ndi losavuta kulimva. Ankaona chinthu chosiririka. Pa Chijapani pali mawu akuti akogare, otanthauza kukhumbira chinthu chokongola chimene chili kutali, chimene mwina sudzachifika. Nkhope ya Mzungu inkanena popanda mawu kuti katunduyu ngwamakono, ngwapamwamba, ngodziwika kunja kwa nyanja. Chodabwitsa nchakuti katundu wambiri wotsatsidwa chonchi adali wopangidwa ku Japan komweko ndi manja a eni dziko. Munthu adapanga chinthu chabwino ndi luso lake, koma kuti mbale wake achikhulupirire padafunika mlendo adzachitire umboni. Ine ndikafika apa mtima umandipweteka, chifukwa matendawa ndi odziwika ndi kwathu komwe.

Koma pali yankho lachiwiri, lozama kuposa loyamba. Amene adafufuza nkhaniyi, monga Millie Creighton amene adalemba za iyo mu 1995, adaona kuti Mzungu wa m'malonda a ku Japan amalemekezedwa ndi kusungidwa patali nthawi imodzimodzi. Amamtcha gaijin, ndiye kuti munthu wakunja. Popeza ngwakunja, angathe kuchita pa kanema zimene mwana woleredwa bwino wa ku Japan sakadachita pamaso pa anthu, monga kuvula malaya, kupsompsonana poyera, kudzitama kapena kufuula. Woonera amasangalala nazo popanda kuchita manyazi, pakuti wochitayo si wa pamtundu pake. Ndiponso Chijapani chili ndi mitundu itatu ya zilembo, ndipo mtundu umodzi, wotchedwa katakana, amalembera makamaka mawu obwereka ku zilankhulo zina. Mlendo akamalankhula Chijapani pa kanema, kawirikawiri mawu ake amawalemba pansi pa chithunzi m'zilembo za katakana, ngati kunena kuti ngakhale alankhule bwino chotani, mawu ake ngachilendobe. Motero Mzungu uja, ngakhale waikidwa pa mpando wapamwamba, mpandowo uli kunja kwa mpanda.

Pa malonda onse amene ndawerenga mbiri yake, amene adanena zoona koposa ndi a khofi wa m'zitini wotchedwa Boss. Kuyambira mu 2006 kampani ya Suntory idayamba kuonetsa Tommy Lee Jones, katswiri wina wa ku America, ngati cholengedwa chochokera m'mlengalenga chimene chadzafufuza za moyo wa anthu a pansi pano. Iye amagwira ntchito zosiyanasiyana pakati pa anthu wamba a ku Japan, nkhope ili gwa, osaseka, akudabwa ndi khama lawo ndi kutopa kwawo. Eni dziko adamkonda kwambiri. Ndiganiza kuti adamkonda chifukwa kudzera m'maso a mlendoyo ankadziona okha, nadziseka, nadzimvera chifundo. Apa mlendo adagwira ntchito imene mwambi wathu umampatsa, uja umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Komabe tisaiwale kuti kuti agwire ntchitoyo adayenera kukhala cholengedwa chosakhala munthu.

Kusirira ndi kuseka zimayenda pafupi kwambiri. Kale m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, pamene amalonda a ku Portugal ndi ansembe a Chijezwiti adafika ku Japan, amisiri a zojambula adawajambula ndi mphuno zazitali ndi mabuluku otukumuka. Mphuno ija sidathe. Mu 2009 kampani ya McDonald's ku Japan idatulutsa munthu wongopeka wotchedwa Mr. James, Mzungu wa magalasi, wokonda Japan koma wolankhula Chijapani chothyokathyoka, ndipo alendo okhala m'dzikomo adadandaula. Mu Januwale 2014 kampani ya ndege ya All Nippon Airways idaonetsa amuna awiri a ku Japan atavala ngati oyendetsa ndege, akukambirana za maulendo atsopano opita kunja kuchokera pa bwalo la Haneda. Mmodzi atanena kuti asinthe m'mene anthu akunja amaonera anthu a ku Japan, mnzake adaoneka atavala wigi ya tsitsi longa ndevu za chimanga ndi mphuno yaitali ya labala. Madandaulo adachuluka, ndipo patangopita masiku ochepa kampaniyo idapepesa nkuchotsa malondawo.

Chimene chidandiphunzitsa kanthu pa nkhaniyi ndi kugawikana kwa maganizo a eni dziko. Ena adati palibe chipongwe, pakuti kwawoko mphuno yaitali ndi tsitsi lotuwira ndi zinthu zosiririka. Munthu angakwiye bwanji pomuyerekeza ndi chimene anthu amachikhumbira? Enanso adati amene adasekedwa kwenikweni ndi Mjapani yemwe, woganiza kuti kukhala munthu wa dziko lonse lapansi ndiko kuvala nkhope ya Mzungu. Koma ena adachita manyazi, nafunsa kuti kampani ya ku America ikadaonetsa munthu atakoka zikope zake kuti aoneke ngati wa ku Asia, kodi iwo akadaseka? Funso lomalizali ndi limene Ambuye athu adatiphunzitsa kudzifunsa, pamene adatilamula kuchitira anzathu zimene tifuna kuti iwo atichitire. Ndipo pali anthu ena amene nthabwalazi zimawalasa kuposa alendo odutsa: ana obadwa kwa kholo limodzi la ku Japan ndi lina lakunja. Iwo kwawo nkomweko, chilankhulo chawo nchomwecho, koma m'mawa mwake kusukulu anzawo amawaloza mphuno.

M'mayiko ena a ku Asia atsogoleri adamuopa mlendoyu, nayesa kumtsekera chitseko ndi lamulo. Ku Indonesia, kanema itafika m'midzi yakutali chifukwa cha makina a m'mlengalenga otchedwa Palapa amene adaponyedwa mu 1976, Pulezidenti Suharto adaletsa malonda onse pa wailesi yakanema ya boma kuyambira pa 1 Epulo 1981, poopa kuti anthu osauka angayambe kulakalaka moyo wa mwanaalirenji umene sakadaukwanitsa. Ku South Korea anthu akunja sankaloledwa kutsatsa malonda pa kanema kufikira 1989. Ndipo chitseko chitatseguka, amene adatchuka poyamba adali Chow Yun-fat wa ku Hong Kong, akutsatsa chakumwa cha Milkis. Ku Malaysia, mu 2007, nduna yoona zofalitsa nkhani, Zainuddin Maidin, idadandaula kuti malonda adzaza ndi nkhope za anthu a magazi osakanikirana, ooneka pang'ono ngati Azungu, ndipo idafuna kuti zichepe. Koma anthu ena adaiyankha kuti anthu amenewo nawonso ndi mbadwa za Malaysia. Kodi alangidwe chifukwa cha nkhope imene sadaisankhe? Apa tikuona kuti lamulo la boma lingathe kuchotsa nkhope pa kanema, koma chilakolako cha mumtima silichifika, ndipo nthawi zina pofuna kuteteza ena limapweteka ena.

Tsopano ndifike pamene pali bala lenileni, pa nkhani ya khungu. Ku India kampani ya Hindustan Lever idayamba kugulitsa mafuta oyeretsa khungu otchedwa Fair & Lovely mu 1975. Kwa zaka zambiri malonda a mafuta a mtundu umenewu ankasimba nthano imodzimodzi: mtsikana wakuda khungu akukanidwa ntchito kapena banja, wadzola mafuta, wayera, ndipo mwayi wamtsegukira. Amayi a ku India komweko ndiwo adaimirira kutsutsa. Mu 2009 gulu la Women of Worth lidayambitsa ntchito yophunzitsa anthu kuti khungu lakuda nlokongola, ndipo mu 2013 katswiri wa mafilimu Nandita Das adagwirizana nalo. Mu 2014 bungwe loyang'anira otsatsa malonda m'dzikomo lidalamula kuti munthu wakuda khungu asamaonetsedwe ngati wosakongola, wosakondwa kapena wosowa mwayi. Mu 2020, dziko lonse likukambirana za tsankho pambuyo pa imfa ya George Floyd ku America, mafuta aja adasinthidwa dzina nkukhala Glow & Lovely. Ku Thailand nako, mu Januwale 2016, kampani ya Seoul Secret idapepesa itaonetsa mayi akunena kuti kuyera khungu ndiko kumapambanitsa munthu, khungu lake likuda pang'onopang'ono monga chizindikiro cha kugwa kwake.

Anthu a ku Asia amatsutsana pa gwero la zimenezi. Ambiri amakana kwamtuwagalu kuti akufuna kufanana ndi Azungu. Amati khungu loyera linkatamandidwa kwawo Mzungu asanaponde doko lililonse, chifukwa linkasonyeza munthu wosagwira ntchito padzuwa. Zoonadi, akazi a kunyumba ya mfumu ku Japan ankadzola ufa woyera kumaso zaka 1,000 zapitazo, ndipo kuli mwambi wakale wonena kuti khungu loyera limabisa zilema zisanu ndi ziwiri. Koma ena, makamaka ku India ndi ku Philippines, amayankha kuti utsamunda udathira mchere pa bala lakalelo. Dziko la Philippines lidalamulidwa ndi Spain zaka zoposa 300, kenaka ndi America kufikira 1946, ndipo eni ake amadziwa bwino chifukwa chake nkhope za anthu a magazi osakanikirana ndizo zakhala zikuchuluka pa kanema wawo. Ine ndiona kuti mbali zonse ziwiri zikunena zoona. Kunyoza mlimi wopsa ndi dzuwa kudalipo kale. Mtsamunda adafika nkukupatsa nkhope. Wamalonda adafika pambuyo nkukuika m'botolo ndi kulembapo mtengo.

Ife anthu akuda tisaganize kuti nkhaniyi ikutipita pambali. Pamene pali makwerero oika khungu loyera pamwamba, pamakhalanso wina woikidwa pansi. Mu Meyi 2016 dziko lonse lidaona malonda a sopo wochapira wotchedwa Qiaobi wa ku China, m'mene mtsikana adakankhira mnyamata wakuda m'makina ochapira zovala, ndipo adatulukamo ali mnyamata woyera wa ku China. Kampaniyo idapepesa, ndipo tiyenera kunena mwachilungamo kuti anthu ambiri a ku China komweko adaidzudzula. Mu Januwale 2019 kampani ya Nissin idachotsa kanema wa zithunzi zojambula pamanja amene adaonetsa Naomi Osaka, katswiri wa mpira wa tenesi wobadwa kwa mayi wa ku Japan ndi bambo wa ku Haiti, ali ndi khungu loyera losakhala lake. Mtsikana adabweretsera dziko lake ulemu waukulu ndi thukuta lake, koma wojambula adaona kuti khungu limene Mulungu adampatsa lifunika kukonzedwa. Akuluakulu athu amene akukumbukira mafuta a Ambi, ndi nkhope zimene zidayera kenaka nkupserera m'masaya, adziwa kuti nthano imeneyi idafikanso m'sitolo za kuno kwathu, ndipo sidachokemo.

Nzoona kuti zinthu zasintha. Lero achinyamata a ku Jakarta, ku Manila ndi ku Bangkok amasirira oimba ndi ochita zisudzo a ku South Korea, ndipo makampani a Azungu ndiwo akupempha nkhope za ku Asia. Mu 2021 kampani ya McDonald's idagulitsa chakudya m'mayiko ambiri m'dzina la gulu la oimba la BTS. Mu Novembala 2018 kampani ya zovala ya ku Italy, Dolce & Gabbana, itaonetsa mtsikana wa ku China akuvutika kudya zakudya za ku Italy ndi timitengo tawo todyera, anthu a ku China adakwiya kotero kuti chionetsero chake chachikulu cha ku Shanghai chidalephereka. Amene kale ankasirira ali chete tsopano ali ndi mawu, ndipo zimenezi nzoyamika. Koma ndikayang'ana nkhope zatsopanozi, zosalala, zoyera, zopanda khwinya kapena chipsera, ndimadzifunsa ngati fano lidagwadi. Mwina lidangosintha dziko lobadwira. Mtsikana wa m'mudzi wa asodzi, wakuda ndi dzuwa la kunyanja, akuuzidwabe madzulo alionse kuti pali chimene chikumsowa.

Phunziro limene ine ndatolapo ndi ili: kupembedza munthu ndi kumseka ndi ana a mimba imodzi. Amene waika Mzungu pa guwa ndi amene wamveka mphuno ya labala onse awiri sadamuone munthuyo. Mzungu weniweni ali ndi amayi ake, ali ndi ngongole, amadwala, amakalamba, amaopa imfa, ndipo adzaima pamaso pa Mulungu monga ife tomwe. Wa pa kanema uja ndi chigoba chabe, chikomekome cha mkuyu. Ndipo amene amalipira mtengo waukulu wa bodzali ndi woonera, pakuti sungakweze munthu wina kuposa muyeso popanda kudzitsitsa wekha. Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu aliyense adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, osatchula mtundu wa khungu. Mneneri Samuele atapita kwa Yese kukadzoza mfumu, adakopeka ndi msinkhu ndi maonekedwe a mwana wamkulu, koma Mulungu adamkumbutsa kuti Iye amapenya mumtima. Ngati mneneri adanyengedwa ndi nkhope, nanga mwana wa zaka khumi wokhala yekha patsogolo pa kanema?

Eklezia saletsa kutsatsa malonda. Pa 22 Febuluwale 1997 bungwe la Apapa loona za kufalitsa nkhani lidatulutsa chikalata chokhudza makhalidwe oyenera pa ntchito imeneyi. Chikalatacho chimavomereza kuti kutsatsa kungathandize anthu kudziwa katundu wabwino, ndiponso kuti kumapatsa anthu ntchito. Koma chimaika miyeso itatu: kunena zoona, kulemekeza ulemerero wa munthu, ndi kuganizira ubwino wa anthu onse. Chimachenjezanso za kuonongeka kwa chikhalidwe cha mayiko osauka pamene malonda anyamula makhalidwe a mayiko olemera ndi kunyozetsa a eni dziko. Tikayesa malonda aja ndi miyeso imeneyi, yankho silivuta. Mafuta olonjeza banja kwa mtsikana akayera khungu akunama, akunyoza chilengedwe cha Mulungu, ndipo akudyera pa mantha a osauka.

Komatu ife Akhristu tisafulumire kuloza chala amalonda okha, poti anyani amasekana zikundu. M'kalata yake yonena za Eklezia ku Asia, imene adaisaina ku New Delhi pa 6 Novembala 1999, Papa Yohane Paulo Wachiwiri adakumbutsa kuti Yesu adabadwira pa nthaka ya Asia, nadandaula kuti ngakhale zili choncho anthu ambiri a kumeneko amamuona ngati munthu wa kwa Azungu. Kodi zidatheka bwanji? Mwa zina, zidatheka chifukwa cha zithunzi. Mwana wa Maria wa ku Nazareti adafika m'mayiko ambiri atajambulidwa ndi tsitsi lotuwira ndi maso obiriwira. Endo Shusaku, mlembi wa Chikatolika wa ku Japan amene adalemba buku la Silence mu 1966, ankayerekeza chikhulupiriro chimene adabatizidwamo ali mwana ndi suti ya Chizungu yosamkwana, imene adathera moyo wake akuisoka kuti ikhale chovala cha kwawo. Sadaivule ayi, chifukwa adaikonda; adangofuna kuti imkhale.

Ndipo Akhristu osauka a ku Asia adaidziwa njira imeneyi akatswiri asanailembe. Chikhristu chitaletsedwa ku Japan mu 1614, okhulupirira adabisala zaka pafupifupi 250 opanda wansembe, akupemphera pamaso pa tiziboliboli ta Kannon, tooneka ngati ta chipembedzo cha Buddha, m'mene iwo ankaonamo Amayi Maria. Pa 17 Malichi 1865 ena mwa zidzukulu zawo adafika ku tchalitchi cha Oura ku Nagasaki, nadziulula kwa Bambo Bernard Petitjean, ndipo chimene adapempha kuona ndi chifaniziro cha Maria. Ku La Vang, m'dziko la Vietnam, Amayi Maria amalemekezedwa atavala chovala chachitali cha akazi a kumeneko. Ku Manila, pa 9 Januwale chaka chilichonse, khamu losawerengeka limayenda, ambiri opanda nsapato, kuperekeza chifaniziro chakuda cha Yesu wosenza mtanda cha ku Quiapo. M'dziko lomwelo m'mene mafuta oyeretsa khungu ali m'sitolo iliyonse, anthu amakankhana kuti angokhudza Mpulumutsi wakuda nkhope. Mtima wa munthu wosauka umadziwa kumene kuli chitonthozo chake. Ntchito yonga yomweyi ndi imene idayambika kwathu ku Mua mu 1976, pamene Bambo Claude Boucher adatsegula malo a KuNgoni, kumene amisiri amasema nkhani za Uthenga Wabwino ndi nkhope za anthu a kuno.

Nanga ife makolo tichite chiyani? Kutseka kanema sikungathe, pakuti mlendo uja tsopano amalowera ndi pa foni ya m'manja. Chimene tingathe ndi kukhala pafupi pamene iye akulankhula, monga momwe mayi wanzeru sasiyira mwana wake yekha ndi mlendo wosamdziwa. Malonda akatha, tifunse ana athu mofatsa: Kodi munthu uja akugulitsa chiyani? Chifukwa chiyani asankha nkhope imeneyo? Kodi akulonjeza chiyani chimene sopo sangathe kupereka? Kodi pali wina amene wasekedwa, ndipo ukadakhala iwe ukadamva bwanji? Mwana wozolowera mafunso otere sagulidwa msanga. Tisamalenso malilime athu, pakuti malonda oopsa koposa amatsatsidwa pakhomo pathu pomwe. Pamene azakhali anyamula khanda nanena kuti, "Koma ndiye ngwokongola, woyera ngati Mzungu," mkulu wake wakuda amene waima pambali amamva, ndipo mawu amenewo adzawasunga zaka zambiri. Pamene titcha chinthu chilichonse chabwino kuti nchachizungu, ndi munthu aliyense wolemera kuti ndi mzungu wathu, ana amaphunzira kumene tidaika ulemu. M'miphakati yathu, m'magulu a amayi ndi a achinyamata, nkhani imeneyi iyenera kukambidwa poyera.

Ndiponso tiphunzitse ana kulandira mlendo weniweni monga munthu, kaya achokere ku Ulaya, ku India kapena ku China, osamgwadira ndiponso osamtsanzira kalankhulidwe pofuna kuseketsa anzathu. Ngati zimatipweteka kuona munthu wakuda akutsukidwa m'makina, zitipwetekenso kuona mwana wathu akukoka zikope zake kunyoza wamalonda wa ku China. Mulingo ukhale umodzi.

Tsiku la ubatizo wansembe amafunsa dzina la mwana, osati mtundu wa khungu lake, ndipo mafuta oyera amene amamdzoza pamutu ndi amodzimodzi ku Nagasaki, ku Manila, ku Roma ndi ku Mua. Mwana wodziwa kuti adadzozedwa kale ndi mafuta amenewo sadzavutika kufunafuna ena omusandutsa munthu. Ambuye atithandize ife makolo kuti ana athu amve zimenezi kuchokera pakamwa pathu mlendo uja asanawauze zake, ndipo Amayi Maria, amene mitundu yonse imawaveka chovala cha kwawo, atipempherere.